Kuulutsa roketi pamwambo wa anthu ambiri mu Lilongwe: zoyenera kuchita musanaitane anthu

Ikamayandikira nyengo ya zionetsero za sayansi m'masukulu, foni yanga sipuma. Wina ndi mphunzitsi mnzanga wa Physics, wina ndi wapampando wa komiti yokonza mwambo, nthawi zina ndi kholo limene mwana wake waonera kanema pa YouTube. Funso limakhala lomwelo: "Aphunzitsi, tikufuna tiulutse roketi yeniyeni patsikulo kuti anthu aone. Tiyambire pati?" Ndayankha pa WhatsApp kambirimbiri, choncho ndaganiza zolemba kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomutumizira.

Onse amafunsa za kukwera: ifika pati, ithamanga bwanji. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsapo kuti ikagwera pati. Malangizo onsewa atsamira pa funso limenelo.

1. Dziwani kuti roketi yanu ndi yaikulu bwanji

Kukula kwa roketi sakuyeza ndi kutalika kwa thupi lake. Amayeza ndi mphamvu ya injini, ndipo mphamvuyo amailemba ndi zilembo. Injini ya A ndi yaing'ono kwambiri, mphamvu yake yonse sipitirira ma newton-second 2.5 (muyeso wa mphamvu yokankha kuchulukitsa ndi masekondi amene injini ikuyaka). Chilembo chilichonse chotsatira chimawirikiza kawiri: B imafika pa 5, C pa 10, mpaka G yomwe imalekezera pa 160. Kuyambira pa H kupita m'tsogolo ndiye kuti mwalowa m'gulu la maroketi amphamvu kwambiri, omwe pa Chingerezi amati high-power.

Ku America kuli mabungwe awiri akuluakulu oyang'anira masewerawa, National Association of Rocketry, lomwe amalitchula mwachidule kuti NAR, ndi Tripoli Rocketry Association. Kumeneko munthu saloledwa kungogula injini ya H. Amayamba wapanga roketi, n'kuiulutsa pamaso pa omuyesa, n'kuibweza pansi yosawonongeka, kenako amapatsidwa satifiketi ya gawo loyamba yomulola kugwiritsa ntchito H ndi I. Gawo lachiwiri ndi la J, K ndi L, ndipo limafuna mayeso olemba. Lachitatu ndi la M, N ndi O. Malamulo awo si malamulo a dziko lathu, koma miyeso yawo ndi imene ndigwiritse ntchito pano chifukwa inayesedwa kwa zaka zambiri, ndipo mungathe kuiphatikiza pa makalata anu opempha chilolezo.

Ngati pagulu lanu palibe munthu amene anaulutsapo roketi ya H kangapo konse popanda oonerera, musapitirire ndi roketi yaikulu. Pitani pa ndime yomaliza.

2. Musapange injini nokha

Ndikudziwa kuti pa intaneti pali makanema oonetsa anthu akusakaniza zinthu m'khitchini n'kuziika mu paipi. Makanemawo saonetsa amene anaduka zala. Injini yopangira panyumba ikalakwika pang'ono imaphulika ngati bomba, ndipo paipi ikakhala yachitsulo zidutswa zake zimalasa aliyense amene ali pafupi. NAR inakhazikitsidwa mu 1957 pa chifukwa chomwechi: achinyamata ambiri ankavulala poyesa kupanga mafuta a roketi okha, ndipo G. Harry Stine ndi Orville Carlisle anaona kuti njira yabwino ndi yoti injini zizipangidwa kufakitale, ana azingopanga thupi la roketi ndi zinthu zopepuka.

Injini yovomerezeka imachokera ku makampani monga AeroTech ndi Cesaroni, ndipo zing'onozing'ono ku Estes. Koma izi ndi katundu wa m'gulu la zophulika. Simungauze m'bale wanu wa ku Johannesburg kuti aziike m'chikwama pokwera ndege kapena basi. Dziko lathu lili ndi lamulo loona za zophulika, Explosives Act, ndipo amene amaliyang'anira ndi a nthambi ya za migodi. Kafunseni kumeneko za chilolezo choitanitsa, kusunga ndi kunyamula musanalipire ndalama iliyonse kunja.

3. Pezani malo

Apa ndipo pamagwera ambiri, ndipo ndikhalapo nthawi yaitali.

Anthu akamati "tili ndi malo aakulu" amanena bwalo la mpira. Bwalo la mpira ndi mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi likakhala lalikulu bwino. Malamulo a NAR amati malo oulutsira roketi yamphamvu akhale osachepera mamita 457 mbali yake yaifupi, kapena theka la kutalika kumene roketi ikafike, mutenge chimene chili chachikulu pa ziwirizi. Mamita 457 mbali zonse ndi mahekitala pafupifupi 21, maekala oposa 50, opanda mitengo italiitali, opanda nyumba, opanda mawaya a ESCOM. Komanso poimikira roketi pakhale mamita 457 kuchokera panyumba iliyonse yomwe muli anthu, ndi kuchokera pamsewu uliwonse umene pamadutsa magalimoto oposa khumi pa ola.

Tsopano ganizirani za mabwalo a Masintha, Civo, kapena bwalo la sukulu yanu ku Kawale, ku Area 25, ku Chinsapo. Nyumba zayandikana ndi mpanda, msewu uli pomwepo, a kabaza akudutsa mphindi iliyonse. Palibe bwalo la mpira m'kati mwa mzinda uno limene lingakwanire miyeso imeneyi. Ndimawauza anthu izi mosabisa, ndipo ena amakhumudwa.

Chifukwa chake n'chosavuta kuwerengera, ndipo ndikupemphani muwerengere limodzi ndi ophunzira anu. Tinene kuti roketi yakwera mamita 600. Parachuti yatseguka bwino, ikutsika mamita 5 pa sekondi. Ndiye kuti ikhala m'mwamba masekondi 120. Mphepo ikamawomba mamita 5 pa sekondi, yomwe ndi makilomita 18 pa ola, kamphepo kongogwedeza nthambi, roketiyo ikatera mamita 600 kuchokera pamene inanyamukira. Apa zonse zayenda bwino. Ngati parachuti yakana, roketi imatembenuka n'kubwera chamutu, mphuno yosongoka ili patsogolo, pa liwiro limene lingapose makilomita 200 pa ola, ndipo simveka mpaka itafika. Mu 2015 ku California bambo wina anamwalira atagundidwa ndi roketi yotsika chonchi pa mwambo wa achinyamata a Scout, ku malo a chipululu kumene kunali danga lalikulu.

Choncho tulukani mumzinda. Yang'anani minda ikuluikulu yokololedwa kale kapena madambo otakasuka chakummwera ndi chakumadzulo, cha ku Mitundu, ku Bunda, ku Nsaru. Chakumpoto musapiteko: bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, ndipo ndege zotera ndi zonyamuka zimadutsa motsika m'dera lonselo. Kumbukiraninso kuti ku Airwing kuli bwalo la ndege la asilikali.

Mukapeza malo pa Google Maps musakhutire. Pitani mukayende ndi miyendo mbali zonse zinayi. Chithunzi cha m'mwamba sichionetsa kanjira kamene amayi amadutsa popita kudimba, m'busa amene amabwera ndi ng'ombe masana aliwonse, chigafa cha fodya chofoleredwa ndi udzu kuseri kwa mitengo, kapena manda. Mukapite tsiku ndi ola lofanana ndi limene mudzaulutse, chifukwa malo amene Lachiwiri ali zii, tsiku la msika amadzaza anthu.

Nyengo nayo muiganizire pomwepa. Kuyambira mwezi wa May mpaka August kumawomba mwera, ndipo masiku ena umalimba ndithu. Mu September ndi October udzu wauma gwa, mapesi ali m'minda, akamvuluvulu amadzuka masana, ndipo kamoto kakang'ono kamasanduka lupsa mudzi wonse usanazindikire. M'dzinja mitambo imatsika, ndipo roketi siloledwa kulowa m'mitambo chifukwa simungaone ngati kuseri kwake kuli ndege. Ine ndimakonda mmawa, dzuwa lisanakwere, mphepo isanadzuke. Tsatirani zolosera za a nthambi ya zanyengo sabata yonseyo.

4. Makalata

Yambani miyezi iwiri kapena itatu tsikulo lisanafike. Kalata yoyamba ipite kwa oyang'anira za maulendo a ndege, a Civil Aviation. Mlengalenga muli eni ake, ndipo chinthu chokwera mamita mazanamazana sichingaponyedwemo iwo osadziwa. Anthuwa anazolowera kale zopempha za oulutsa ma drone, makamaka chiyambire pamene boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera ma drone ku Kasungu mu 2017, choncho lembani momveka: malo enieni ndi manambala a GPS, tsiku, ola loyamba ndi lomaliza, kulemera kwa roketi, mtundu wa injini, kutalika kumene ikafike, ndi nambala ya foni ya munthu amene adzakhale pamalopo. Funsani ngati adzatulutse NOTAM, chomwe ndi chidziwitso chimene chimapita kwa oyendetsa ndege chowachenjeza za dera ndi nthawi inayake. Funsaninso nambala yoti mudzaimbe patsikulo poyamba ndi pomaliza.

Kenako apolisi a dera limene muli malowo, khonsolo, ndi chipatala chapafupi. Pezani galimoto imodzi yomwe ntchito yake patsikulo ndi kudikira wovulala basi, woyendetsa ali pomwepo ndi makiyi m'thumba. Funsani kampani ya inshuwalansi ngati ingateteze mwambowu, ndipo yankho lawo likhale lolemba.

Kwa mfumu musatumize kalata yokha. Pitani nokha, ndi mwini munda, mukhale pansi mufotokoze kuti kudzamveka phokoso, kudzatuluka utsi, ndipo chinthu china chidzatsika kuchokera kumwamba. M'mudzi chinthu chogwa kuchokera kumwamba anthu osachidziwa chingabweretse mantha ndi mphekesera zimene zingakuikeni inuyo pangozi. Amfumu akalengeza okha, n'kukupatsani anyamata oti aime m'tinjira, ntchito yanu yapepuka ndi theka.

Chilolezo cha pakamwa si chilolezo. Nyamulani mapepala onse mu fayilo imodzi patsikulo.

5. Sankhani munthu mmodzi amene akati ayi, zatha

M'mabungwe a maroketi munthuyu amamutcha Range Safety Officer. Ife tingomuti woyang'anira chitetezo. Asakhale mwini roketi, chifukwa amene wagwira ntchito miyezi itatu pa chinthu chake amafunitsitsa chiuluke. Asakhalenso woyendetsa mwambo, chifukwa iye maso ake ali pa pulogalamu.

Kuno kwathu ili ndi gawo lovuta kuposa masamu onse aja. Tinaleredwa kulemekeza akuluakulu. Mlendo wolemekezeka wafika mochedwa maola awiri, mphepo yadzuka, atolankhani akonza makamera, ahedi akukunong'onezani kuti "Aphunzitsi, bwana akufulumira, tangoulutsani." Mphunzitsi wachinyamata sangathe kukana pamenepo ngati simunamutchinjirize pasadakhale. Choncho lembani pepala sabata imodzi tsikulo lisanafike, lonena kuti woyang'anira chitetezo ali ndi mphamvu yoimitsa kapena kulephereketsa kuulutsa popanda kufunsa wina aliyense, ndipo wapampando ndi ahedi asainire. Muikepo manambala: mphepo ikapitirira makilomita 32 pa ola, omwe ndi malire a NAR, palibe kuulutsa. Pa malo athu, opanikizika ndi midzi, ine ndimaika malire pa 20. Mitambo ikatsika, ndege ikamveka, munthu kapena chiweto chikalowa m'chingwe, zonse ziima. Mlendo wolemekezeka auzidwe izi m'kalata yomuitana, ndipo pulogalamu ikhale ndi chinthu china chodzachita ngati roketi siuluka, kuti pasakhale wochita manyazi.

6. Yenderani roketi

Woyang'anira chitetezo aigwire ndi manja ake. Zipsepse azigwedeze mwamphamvu. Chimodzi chikasuntha, roketiyo siuluka. Thupi likhale la zinthu zopepuka monga katoni yolimba, pulasitiki, matabwa opyapyala kapena fiberglass.

Kenako kukhazikika. Ikani injini ndi zonse m'kati, mupeze pamene roketi imakhazikika mukaiika pachala. Malo amenewo ayenera kukhala kutsogolo kwa malo amene mphepo imakankhira roketi, ndi mtunda wosachepera kunenepa kwa thupi lake. Malo achiwiriwa mumawapeza ndi pulogalamu ya pakompyuta yaulere yotchedwa OpenRocket, yomwe idzakuuzaninso kutalika kumene roketi ikafike. Cholakwika chofala n'kuyeza injini isanaikidwe. Injini imalemeretsa kumbuyo, ndipo roketi yolemera kumbuyo imazungulira m'mwamba n'kulunjika kulikonse.

Werenganinso dzina la injini. H128 ikutanthauza gulu la H ndi mphamvu yokankha ya ma newton 128. Kulemera kwa roketi kusapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvuyo, apa ndi makilogalamu 4.3, ndipo ambiri odziwa amakonda gawo limodzi mwa asanu, makilogalamu 2.6. Roketi yolemera kwambiri imachoka pang'onopang'ono, mphepo n'kuigoneka.

Njira yotulutsira parachuti muiyese pansi masiku angapo m'mbuyo, popanda oonerera.

7. Konzani bwalo ndi khamu

Kwa injini za H, I ndi J, munthu aliyense akhale mamita osachepera 30 kuchokera pa roketi. Kwa K ndi mamita 60, kwa L ndi 90, kwa M ndi 150. Roketi ikakhala ndi injini zingapo, mtunda wa H, I ndi J umakwera kufika pa 60. Miyeso imeneyi anaipangira anthu amene amadziwa za maroketi ndipo amamvera. Khamu la ana a sukulu ndi anthu a m'mudzi muliike kawiri kutalika kwake.

Mbali yoika anthu ndi yofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Pokwera, roketi imakhotera kumene mphepo ikuchokera. Potsika ndi parachuti, imapita kumene mphepo ikulowera. Ndiye oonerera asakhale kutsogolo kapena kumbuyo kwa mphepo, akhale cham'mbali, ndipo ngati n'kotheka dzuwa likhale kumbuyo kwawo kuti athe kuona kumwamba. Chitsulo choimikira roketi chipendeke pang'ono kutali ndi anthu, koma osapitirira madigiri 20. Mphepo ikasintha, sunthani anthu kapena dikirani.

Mangani chingwe chooneka bwino, ndipo pa mamita khumi alionse paime munthu wamkulu woyang'ana kukhamu, osati ku roketi. Izi ndinaziphunzira pa kanthu kakang'ono. Tinkaulutsa roketi ya botolo ndi madzi pa sukulu ina, ndipo itangonyamuka, oyang'anira onse anakweza maso kumwamba. Ana oposa makumi awiri anadutsa pansi pa chingwe akuthamangira kukaiwakha. Linali botolo lapulasitiki lopanda kanthu ndipo palibe anavulala, koma usiku umenewo sindinagone. Ana amathamangira chinthu chotsika, ndipo khamu likayamba kuthamanga limaponda ofooka. Ife a mu Lilongwe sitinaiwale anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, amene anafa pa chipata cha Bingu National Stadium pa 6 July 2017. Musalole anthu ochuluka kuposa amene oyang'anira anu angathe kuwagwira.

Pozungulira roketi palirani mpaka dothi lioneke, mamita 15 kudutsa pakati, opanda udzu kapena mapesi. Pakhale zozimira moto ziwiri, ndowa za madzi ndi za mchenga, makasu ndi nthambi zaziwisi, ndi anthu anayi odziwa kuti moto ndi ntchito yawo. Osuta fodya ndi okazinga chipisi akhale kutali.

8. Kuulutsa

Roketi imayatsidwa ndi magetsi a batire kudzera pa waya wautali, osati ndi machesi kapena chingwe choyaka. Bokosi loyatsira likhale ndi kiyi wochotseka, ndipo kiyiyo akhale m'thumba la munthu amene wapita kukalumikiza mawaya. Kachipangizo koyatsira kalowe mu injini roketi itaimikidwa kale pamalo ake, anthu ena onse atachoka.

Pa chimkuzamawu uzani anthu onse aimirire, atuluke m'matenti, ayang'ane kumwamba. Munthu wokhala pampando pansi pa tenti saona chimene chikubwera. Auzeni kuti akamva wenzulo ayang'ane kumene oyang'anira akuloza ndipo asathamange. Woyang'anira chitetezo ayang'ane bwalo, ayang'ane kumwamba, amvetsere ngati kuli ndege, kenako awerenge mokweza kuchoka pa zisanu kutsika.

Mukadina roketi n'kukhala chete, chotsani kiyi, chotsani batire, ndipo pasapezeke woyandikira mpaka masekondi 60 atatha pa wotchi. Injini ina imachedwa kugwira moto. Akatha masekondiwo apite munthu mmodzi yekha, ndipo asaweramire pamwamba pa roketi.

9. Kukatola, ndi zoyenera kuchita ngati muli ndi bwalo la sukulu lokha

Otola akhale awiri kapena atatu osankhidwa kale, ndipo anyamuke woyang'anira akalola. Palibe kuwakha roketi ikutsika. Ikakodwa pa mawaya a magetsi isiyeni pomwepo, ikani munthu woletsa ana kukwera, muimbire a ESCOM. Ikagwera m'munda wa munthu, pemphani kaye, ndipo ngati yawononga mbewu lipirani tsiku lomwelo pamaso pa amfumu. Imbirani a zandege kuwauza kuti mwamaliza.

Ambiri a inu mukafika apa mwaona kuti roketi ya H siingatheke pa mwambo wanu, ndipo palibe cholakwika. Ngakhale a University of KwaZulu-Natal, pamene roketi yawo ya Phoenix inakwera pafupifupi makilomita 18 mu 2021, anakaiulutsira ku malo oyeserera a Overberg, kutali ndi anthu. Pa bwalo la sukulu, pangani roketi ya madzi. Tengani botolo lapulasitiki la chakumwa cha gasi la malita awiri, lopanda ming'alu, muthiremo madzi gawo limodzi mwa atatu, zipsepse za katoni, mphuno yofewa ya siponji, ndi pampu ya njinga yokhala ndi geji ndi paipi yaitali kuti wopopa akhale patali. Botolo la madzi akumwa wamba musagwiritse ntchito chifukwa silinapangidwe kuti lipirire mpweya wopanikizika, ndipo musaikepo chitsulo kapena mwala kumphuno. Mpweya usapitirire ma bar anayi, wopopa avale magalasi oteteza maso, oonerera akhale mamita 15 kumbuyo kwa chingwe. Lamulo lachitatu la Newton, loti ukakankha chinthu nacho chimakukankha ndi mphamvu yofanana, lioneka bwinobwino, ana ayeza kutalika ndi ngodya, ndipo magulu angathe kupikisana tsiku lonse. Chingwe, wenzulo, kuwerenga kuchoka pa zisanu ndi woyang'anira chitetezo zikhalepo chimodzimodzi, ndipo ntchito yoyang'anira kumwamba ndi kuimba wenzulo muipereke kwa ophunzira a Fomu 3 ndi 4, mphunzitsi ataima pambali pawo.